Kulondola mapeni a ku Cuerdale: momwe ntchito ikuyendera

Januwale

Thireyi ili ndi mabowo asanu ndi limodzi, ndipo chaka chikuyamba awiri okha ndiwo ali ndi ndalama. Cholinga sichinasinthe: bowo lililonse likhale ndi ndalama imodzi yoimira gulu limodzi mwa magulu a ndalama zakale za siliva za nthawi ya ma Viking (ankhondo ochokera ku Scandinavia) zomwe zinafukulidwa ku Cuerdale ku England, ndipo ndalamayo ikhale ndi mapepala osonyeza manja omwe yadutsamo. Mawu a wogulitsa paokha sindikuwawerengera.

Ndiyambe ndabwereza chiyambi chake, chifukwa zonse zomwe ndikuchita zikudalira mmene chumachi chinabalalikira. Pa 15 Meyi 1840, amuna ena ankakonza khoma la dothi la m'mphepete mwa mtsinje wa Ribble, pamalo otchedwa Cuerdale pafupi ndi Preston ku Lancashire. Anagunda bokosi la mtovu lodzaza siliva: zinthu zoposa 8,600, zolemera pafupifupi makilogalamu 40. Zoposa 7,000 zinali ndalama, zinazo zinali mipiringidzo ya siliva, zibangili, ndi zidutswa zodulidwadulidwa kuti ziziyezedwa pasikelo. Malowo anali a William Assheton, koma bwalo lomwe linakhala mu Ogasiti chaka chomwecho linagamula kuti chumacho ndi cha Mfumukazi Victoria kudzera mu Duchy of Lancaster. Chinapita ku British Museum, komwe Edward Hawkins anachisanthula n'kulemba za icho m'magazini ya za ndalama zakale ya Numismatic Chronicle mu 1842. Kenaka chinagawidwa kwa anthu ndi mabungwe oposa 170. Okumba aja analoledwa kusunga ndalama imodziimodzi.

Kugawako ndi kumene kwachititsa kuti munthu wamba athe kukhala ndi peni (penny, kandalama ka siliva) ya ku Cuerdale m'nyumba mwake popanda mlandu. Chuma cha ku Hoxne chomwe chinapezeka mu 1992 chili chonse ku British Museum, sungachipeze pamsika. Cha ku Cuerdale chinamwazika kalekale, ndipo chakhala chikuzungulira m'maokushoni kwa zaka zoposa 180. Koma kumwazika komweko ndi kumene kunadula mbiri ya ndalama zambiri, chifukwa olandira a mu 1840 sankajambula zithunzi, ndipo ambiri sankalemba n'komwe.

Mabowo asanu ndi limodzi aja ndi awa: peni ya mfumu Cnut ya ku York, peni ya mfumu Siefred ya ku York komweko, peni yokumbukira mfumu Edmund Woyera ya ku East Anglia, peni ya Alfred mfumu ya ku Wessex, ndalama ya mafumu a ku Francia (dziko la Afulanki, komwe lero kuli France), ndi dirham ya Chiarabu. Zomwe ndili nazo ndi ya Cnut ndi ya Edmund. Dirham ndaiyikira bowo mongodzisangalatsa, poti m'chuma chonse munali ngati 50 zokha, zina zili zoduladula.

Febuluwale

Mwezi uno sindinagule kanthu. Ndakonzanso tebulo la pakompyuta ndipo ndalama iliyonse, kaya ndili nayo kaya ndikungoiyang'anira pamsika, ndikuiika m'gulu limodzi mwa atatu.

Gulu loyamba ndi la ndalama yomwe tikiti yakale kapena katalogi yakale imanena kuti ndi ya ku Cuerdale, ndipo ine ndatha kutsimikiza ndi chithunzi komanso kulemera kuti ndalama yotchulidwayo ndi yomweyi ili m'manja mwangayi. Lachiwiri ndi la ndalama yomwe pepala lakale limatchula Cuerdale koma penapake unyolo waduka. Lachitatu ndi la ndalama yomwe ilibe pepala lililonse lakale, koma mtundu wake ndi womwe umapezeka kwambiri m'chumachi.

Gulu lachitatuli ndi lomwe ladzaza msika. Ogulitsa amalemba kuti "n'zosakayikitsa kwenikweni kuti ndi ya ku Cuerdale", ndipo pa mapeni a Cnut sakunama ayi. Mapeni a ma Viking a ku York analipo pafupifupi 3,000 m'bokosi lija, ndipo kunja kwa Cuerdale amapezeka mwa apo ndi apo. Ndiye ukatola peni ya Cnut yakuda bii ndi ukalamba wa m'kabati, mwayi ndi waukulu kuti inachokera ku Ribble. Koma mwayi waukulu si umboni, ndipo masiku ano anthu oyenda ndi makina ofufuzira zitsulo m'minda ya ku Yorkshire ndi Lincolnshire akupezanso mapeni amtundu womwewo amodziamodzi. Mu 2011 ku Silverdale, ku Lancashire konko, kunapezeka chuma china cha nthawi yomweyo. Choncho zaka zikamapita, mawu aja oti "n'zosakayikitsa" akucheperachepera mphamvu.

Peni yanga ya Edmund ili m'gulu lachiwiri. Ya Cnut ili m'lachitatu, ndipo ntchito ya miyezi ikubwerayi ndi kuyesa kuikweza.

Epulo

Nthawi yambiri yathera pa peni ya Cnut, ndiye ndifotokoze bwino chomwe ndikuyang'ana.

Kandalamaka n'kopyapyala, kotambalala pafupifupi mamilimita 20. Mbali imodzi kuli mtanda wa mikono iwiri, ndipo zilembo C, N, V, T zili kunsonga zake, zowerengedwa pamwamba, pansi, kumanzere, kumanja, monga munthu amachitira chizindikiro cha mtanda. Zilembo za REX zalowetsedwa m'mipata. Mbali inayo kuli kamtanda kakang'ono pakati ndi mawu oti CVNNETTI kuzungulira, mawu omwe akatswiri akutsutsanabe ngati ndi dzina la malo kapena ayi. Cnut ameneyu si Cnut wotchuka uja yemwe analamulira England kuyambira 1016. Uyu analamulira ku York cha m'ma 900, ndipo pafupifupi zonse zomwe zimadziwika za iye zimachokera pa ndalama zakezi. Chimandichititsa chidwi n'chakuti mafumu omwe timawaganizira ngati owotcha matchalitchi ankasula ndalama zodzaza mitanda, zina zolembedwa MIRABILIA FECIT, mawu a mu Salimo 98 onena kuti Iye wachita zodabwitsa.

Yanga inabwera ndi katikiti kozungulira ka pepala lofiirira, kolembedwa ndi inki yozilala: dzina la mfumu, "Cunnetti", ndi nambala 21.3. Palibe mawu oti Cuerdale, palibe dzina la mwini. Nambalayo ndi kulemera kwake m'miyezo yakale ya grain, yomwe osonkhanitsa a ku Britain ankagwiritsa ntchito asanayambe magalamu. Grain imodzi ndi magalamu 0.0648, ndiye 21.3 ikupereka magalamu 1.38. Sikelo yanga ikuti 1.38. Izi zikungonena kuti katikitiko ndi ka ndalama imeneyi, sikanasokonezeke ndi ka inzake m'kabati ya munthu wina. Ndi poyambira pabwino ndithu, chifukwa matikiti amasinthana kawirikawiri mwini akamwalira achibale n'kukhuthulira mathireyi onse m'bokosi limodzi.

Chotsatira chinali kufufuza m'makatalogi a maokushoni akuluakulu a ku London: a Hyman Montagu omwe anayamba mu 1895, a Carlyon-Britton kuyambira 1913, a Lord Grantley a m'zaka za nkhondo yachiwiri, ndi a R. C. Lockett kuyambira 1955. Apa pali zovuta ziwiri. Choyamba, mapeni a Cnut anali ambiri moti sankaonedwa ngati osowa, ndiye ankagulitsidwa m'magulu, asanu kapena khumi pa loti imodzi, popanda chithunzi. Zithunzi zinkasungidwira ndalama zodula. Chachiwiri, zithunzi za m'makatalogi akalewa sizinkajambulidwa kuchokera pa ndalama yeniyeni. Ankayamba aumba chifanizo chake ndi pulasitala, n'kujambula chifanizocho. Ndiye mtundu wa siliva, kuda kwake kapena kuwala kwake, sizioneka. Zomwe zimaoneka ndi maonekedwe a m'mphepete, ming'alu, ndi timabala.

Timabalato nditomwe timandithandiza kwambiri. Ma Viking polandira siliva ankamuyesa pobaya ndi nsonga ya mpeni kuti aone ngati ndi wofewa monga siliva wabwino akhalira, kapena ngati pansi pake pabisala chitsulo china. Ndalama zambiri za ku Cuerdale zili ndi timabala totere, ndipo palibe ziwiri zomwe zinabayidwa malo ofanana. Tili ngati mphini pankhope ya munthu: ukadziwa pomwe tili, sungamusokoneze ndi wina. Yanga ili ndi tiwiri pafupi ndi chilembo V ndi kamodzi pamkono wa mtanda, komanso m'mphepete mwapindika pang'ono cha kumunsi.

Pofika kumapeto kwa mwezi sindinaipeze m'makatalogi anayi aja. Ndalemba masamba onse omwe ndaona kuti ndisadzabwerezenso.

Meyi

Ndayerekeza peni yomweyo ndi zithunzi za mu Sylloge of Coins of the British Isles, zomwe zikupezekanso m'nkhokwe ya pa intaneti ya Fitzwilliam Museum ku Cambridge. Ndapeza ndalama ziwiri za m'nyumba zosungira zakale zomwe mbali yake ya CVNNETTI inasulidwa ndi chidindo chimodzimodzi ndi yanga. Chidindocho chinali ndi kamng'alu kochoka pa chilembo E kupita m'mphepete, ndipo kakuoneka pa zitatu zonse. Ziwirizo n'zolembedwa kuti ndi za ku Cuerdale.

N'zosangalatsa, koma sindikuikweza gulu chifukwa cha zimenezi. Kufanana kwa chidindo kukusonyeza kuti ndalama yanga ndi yeniyeni ndipo inasulidwa malo amodzi ndi zinzakezo, mwina sabata imodzi. Sikukusonyeza kuti zinakwiriridwa m'bokosi limodzi. Chidindo chimodzi chinkasula ndalama zambirimbiri, ndipo zinkapita kosiyanasiyana. Pali anzanga ena pa ntchitoyi omwe amati ndikuumitsa zinthu mopitirira muyeso. Mwina, koma tebulo likayamba kulandira "pafupifupi", posakhalitsa ladzaza "pafupifupi" zokhazokha.

Juni

Peni ya Siefred inaoneka pa okushoni ina, yolembedwa EBRAICE CIVITAS, kutanthauza mzinda wa York. Inali yokongola, tikiti yake yakale inali ndi mawu oti Cuerdale olembedwa bwino. Tikitiyo inkati 19.8, zomwe ndi magalamu 1.28. Katalogi ya okushoni inkati ndalamayo ikulemera 1.41. Kusiyana kwa ma grain awiri pa kandalama kotere sikungakhale vuto la sikelo yakale, ndiponso ndalama ikakalamba imatha kupepuka pothethuka, siinenepa. Ndinawalembera ogulitsawo kufunsa, anayankha mwaulemu kuti tikitiyo inabwera ndi ndalamayo ndipo alibe zina zowonjezera. Ndawakhulupirira, koma sindinapikisane nawo. Tikitiyo ndi ya ku Cuerdale, ndalama yake ili kwina.

Julayi ndi Ogasiti

Bowo la Alfred ladzaza, ndipo apa panafunika kusamala kuposa pena paliponse.

Mu 2015 anthu ena anapeza chuma cha nthawi ya Alfred pafupi ndi Leominster ku Herefordshire ndipo sanakanene. Lamulo la Treasure Act la 1996 limafuna kuti wopeza chuma chotere akauze coroner, mkulu wa boma wofufuza nkhani zotere, pasanathe masiku 14. Iwo anayamba kugulitsa mobisa, anamangidwa mu 2019, ndipo mu 2023 anthu enanso awiri anapezeka olakwa poyesa kugulitsa ndalama 44 za m'chuma chomwecho. Zambiri sizinapezekebe. Choncho peni ya Alfred kapena ya Ceolwulf II, mfumu ya ku Mercia ya nthawi yomweyo, yopanda mbiri yofika kumbuyo kwa 2015 sindiiyandikira, ngakhale wogulitsa anene kuti inali ya agogo ake. Dzina la Cuerdale ndi chovala chabwino kwambiri chobisira ndalama yakuba, poti aliyense akudziwa kuti chumacho chinamwazika popanda kaundula wokwanira.

Yomwe ndagula ndi ya mtundu wamba wa mizere iwiri: kumaso kamtanda ndi dzina la mfumu, kumbuyo dzina la wosula m'mizere iwiri. Inagulitsidwapo pa okushoni ya m'zaka za m'ma 1950 ili ndi chithunzi, ndipo katalogiyo inatchula mwini wake wakale komanso Cuerdale. Ndayerekeza chithunzicho ndi ndalamayo pansi pa galasi lokulitsira: pobenthuka pa m'mphepete ndi pomwepo, timabala tinayi tili m'malo mwake. Kulemera kukugwirizana. Yalowa m'gulu loyamba, ndipo ndi yoyamba kulowamo.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndinachidziwa ndisanagule ndipo sichinandibweze. Ndalamayi ikulemera magalamu 1.31. Alfred atakonzanso ndalama zake cha m'ma 880, peni ya boma lake inkalemera pafupifupi magalamu 1.6. Yopepuka chonchi, yokhalanso ndi zilembo zina zotembenuka, ndi ya osula a m'dera la ma Viking la Danelaw omwe ankatengera mapeni a Alfred koma pa muyezo wawo wopepuka. Katalogi yakale ija inangoti Alfred, chifukwa nthawi imeneyo sankazisiyanitsa kwambiri. Mwa ndalama pafupifupi 1,000 za Chingerezi zomwe zinali m'bokosi lija, zambiri za dzina la Alfred ndi zotengera zoterezi. Kwa ine zimenezi zikuiyenereza kwambiri kukhala m'thireyi ya Cuerdale, chifukwa ikunena za anthu omwe anakwirira chumacho kuposa mmene peni ya ku Winchester, mzinda wa mu ufumu wa Alfred, ikananenera. Patikiti yanga yatsopano ndalemba zonse ziwiri, zomwe katalogi inanena ndi zomwe sikelo ikunena. Tikiti yakale ndaisiya pansi pake osaikhudza.

Inatenga nthawi kuti ifike, poti chinthu chakale chofukulidwa m'nthaka ya ku United Kingdom chimafuna chilolezo chochokera ku Arts Council England chisanatuluke m'dzikomo, kaya n'chotchipa kaya n'chodula. Pepala la chilolezolo nalonso ndalisunga pamodzi ndi ena, poti kwa amene adzakhale nayo pambuyo panga lidzakhala mbali ya unyolo.

Sepitembala

Ntchito yaing'ono yosamalira. Ndachotsa ndalama zonse m'timatumba ta pulasitiki wofewa tomwe zinabweramo, chifukwa pulasitiki wa PVC amatulutsa mafuta obiriwira owononga chitsulo. Zili m'thireyi ya mahogany, matabwa omwe makabati a ndalama akhala akupangidwira kuyambira kale popeza satulutsa asidi ngati oak. Sinditsuka ndalama iliyonse. Kuda kwa m'kabati kuja ndi umboni nakonso kuti ndalamayo yakhala kunja kwa nthaka nthawi yaitali. Sindiziliza patebulo kuti ndimve kulira kwa siliva, chifukwa siliva wa zaka zoposa 1,100 amatha kuuma n'kusweka.

Peni ya Edmund ndaijambulanso. Ili ndi chilembo A chachikulu pakati, ndipo dzina la wosula kumbuyo ndi la Chifulanki, monga zilili zambiri za mtunduwu. Zinalipo pafupifupi 1,800 ku Cuerdale. Edmund anaphedwa ndi ma Viking mu 869, ndipo pasanathe zaka 30 ana a omuphawo anali akusula ndalama zomutcha woyera. Mpata womwe uli m'mbiri ya yanga ndi wa pakati pa tikiti ya m'zaka za m'ma 1800 ndi risiti ya m'ma 1970. Dzanja lolemba patikitiyo ndikuyesa kulifananiza ndi zitsanzo za matikiti a osonkhanitsa odziwika zomwe British Numismatic Journal inasindikizapo.

Okutobala

Ndalama ya ku Francia ndi yomwe ndikuona kuti idzachedwa kuposa ya Siefred, ngakhale kuti ndi yosavuta kupeza pamsika. Zinalipo pafupifupi 1,000 m'chumachi, zambiri za dzina la mfumu Charles the Bald, zina za Odo yemwe analamulira kuyambira 888 mpaka 898. Zochuluka zinasulidwa ku Melle, ku Poitou, komwe kunali migodi ya siliva, tauni yomwe ma Viking anaiwononga mu 848. Zimalembedwa CARLVS REX FR mbali imodzi ndi METVLLO mbali inayo, ndipo Charles atamwalira mu 877 anapitiriza kuzisula ndi dzina lake lomwelo kwa nthawi yaitali.

Vuto ndi lakuti pa ndalama iyi gulu lachitatu kulibe. Peni ya Cnut imadzinenera yokha kuti mwina ndi ya ku Ribble. Ya ku Melle siinena kanthu, popeza zofanana nayo zafukulidwa zambirimbiri ku France konse. Timabala ta mpeni timangosonyeza kuti inadutsa m'manja mwa ma Viking, omwe analiponso m'mitsinje ya Loire ndi Seine ku France komweko. Ndiye apa ndi pepala basi. Ndaonapo ziwiri mwezi uno zolembedwa Cuerdale, zonse zopanda chilichonse chakale kuposa mawu a wogulitsa wa m'mbuyomo.

Komabe bowoli sindingalichotse, chifukwa ndalama zimenezi ndi zomwe zimasonyeza kutalika kwa njira yomwe siliva uyu anayenda. Ndalama zochepa za Edward the Elder, mwana wa Alfred, yemwe analowa ufumu mu 899, zimathandiza kuika nthawi yokwirira pakati pa 905 ndi 910. Ma Viking anali atathamangitsidwa ku Dublin mu 902, siliva wambiri wosakhala ndalama m'bokosimo ndi wa kapangidwe ka ku Ireland, ndipo chigwa cha Ribble chinali njira yochoka ku nyanja ya Irish Sea kupita ku York. N'chifukwa chake akatswiri ambiri amaganiza kuti chinali chuma cha gulu lankhondo lomwe linkakonzekera kukalandanso Dublin. Thireyi yopanda ndalama ya kutsidya kwa nyanja ingakhale ikunena theka la nkhaniyi.

Novembala

Peni ya Cnut yasuntha. Munthu wina yemwe amasonkhanitsa mindandanda yakale ya mitengo ya ogulitsa ndalama ananditumizira masamba a m'zaka za m'ma 1960, ndipo pa limodzi pali chithunzi chaching'ono cha peni ya CVNNETTI yokhala ndi timabala tiwiri pafupi ndi V, kamodzi pamkono wa mtanda, ndi kupindika kwa kumunsi kuja. Ndi yomweyi. Mzere wa pansi pake ukutchula Cuerdale komanso dzina la wosonkhanitsa yemwe anali nayo kale. Kulemera sikunalembedwe.

Ndaiika m'gulu lachiwiri. Tsopano ndikudziwa kuti inali kunja kwa nthaka zaka zambiri makina ofufuzira zitsulo asanafale, ndiponso kuti wogulitsa wa nthawi imeneyo ankaitcha ya ku Cuerdale. Chomwe chatsala ndi kuona ngati iye anali ndi pepala kapena ankangotengera mtundu wake monga achitira a lero. Dzina la wosonkhanitsa lija ndi lomwe lingayankhe. Ngati katalogi ya okushoni yake ili ndi peni ya 21.3 ndipo ikutchula komwe anaitenga, ndalamayi ilowa m'gulu loyamba.

Mmene zilili pano: Alfred gulu loyamba, Edmund ndi Cnut gulu lachiwiri, mabowo a Siefred, Francia ndi dirham akadali opanda kanthu. Ndalembera laibulale ina ya za ndalama ku London kupempha zithunzi za masamba a katalogi ya wosonkhanitsa uja, gawo la mapeni a ku York, pamodzi ndi tsamba la mayina a ogula ngati kope lawo lili nalo. Ndikudikira yankho, ndipo Disembala ndimupereka ku dzanja la patikiti ya Edmund.